Masamba a Fisi Pamsewu

Kalekale, nyama zitangosamukira m'tauni, kunali akabaza awiri, Fisi ndi Kamba. Onse ankadikira anthu padepoti imodzi.

Fisi ankapalasa ngati akuthawa moto, belu likulira, iye akukuwa: "Ngiri-ngiri, patukani, tauni sidikira munthu!" Kamba ankapalasa pang'onopang'ono. Pa dzenje ankatsika, akakumana ndi nkhalamba ankapereka moni. Koma m'mawa uliwonse Mayi Mbawala, ogulitsa mazira kumsika, ankadutsa njinga yonyezimira ya Fisi n'kukakwera ya Kamba. Anzawo a tomato nawonso anayamba kutero.

Fisi mtima unkamuwawa. "Kambayu ali ndi chiyani? Njinga yadzimbiri, miyendo ngati zitsa. Kapena anakhwimira?" Kunyumba chakudya sichinkatsika. Mwana wake wamkazi, Ndaziona, akamukoka malaya kuti asewere, iye ankangoti, "Tachoka, ndikuganiza."

Ndipo anaganizadi. Pakagwa maliro, anthu amayala masamba aawisi pamsewu, ndipo wanjinga aliyense amatsika, kuvula chipewa, n'kuyenda akukankha. Fisi ankadziwa kuti Kamba sangalumphe mwambo umenewu. "Akatsika, Mayi Mbawala aona kuchedwa. Akwera yanga."

M'mawa mwake anathyola nthambi za mango, n'kuziyala pamsewu wopita kumsika, pafupi ndi kwawo. Sanaone kuti Ndaziona wamutsatira. Pothamangira kudepoti anamva kamawu kakulira m'ngalande ya m'mbali mwa msewu.

"Za eni," anatero Fisi. "Ngiri-ngiri, patukani, tauni sidikira munthu!"

Posakhalitsa Kamba anafika pamasamba paja atanyamula Mayi Mbawala. Anatsika, anavula chipewa. Mayiwo nawo anatsika, mazira ali pamutu. Fisi anatulukira kumbuyo, mano onse pamtunda.

"Mayi, msika wayamba. Kwerani kuno, ndikudutsitseni."

"Pamaliro, a Fisi?"

"Womwalirayo sationa."

Kamba anakweza dzanja. "Tadikirani, achimwene. Mwamva?"

Anagoneka njinga n'kusuzumira m'ngalande. Madzi a mvula ya dzulo lake anali atafika m'khosi mwa kamwana kena, kali kakaka kugwira muzu. Kamba anatsetsereka m'matopemo, anakabereka pachigoba chake, n'kukwera nako, pang'onopang'ono monga mwa masiku onse. Mayi Mbawala anakapukuta kumaso ndi chitenje.

Njinga ya Fisi inagwa yokha. Anali Ndaziona.

Fisi anatambasula manja, koma mwanayo anakanirira m'khosi mwa Kamba.

"Ndinakuitanani, ababa," anatero. "Belu lanu ndinalimva."

Fisi anaima manja ali chotambasula. Mazira a Mayi Mbawala, tomato wa anzawo, zonse zimene ankasirira kwa Kamba, anaiwaliratu. Ankangoyang'ana timanja tija tili m'khosi mwa wina.

"Koma malirowa ali pakhomo pa ndani?" anafunsa Mayi Mbawala. "Sindikumva nyimbo."

Fisi anawerama n'kuyamba kutola nthambi zija imodziimodzi. Kamba anamuyang'ana, anayang'ana masambawo, n'kuvala chipewa chake.

"Tolani onse, achimwene," anatero. "Masambawa anatsala pang'ono kupeza maliro enieni."

Tsiku limenelo Fisi anabwerera kwawo akukankha njinga, Ndaziona atakhala pachishalo, belu lili chete.

Nthano yanga yatsikira pamenepa, ana anga: ukamathamanga kuti upitirire mnzako, umapitirira ndi wako yemwe akukuitana.