Woitana Mayina a Akufa pa Waya Waminga

Pa 22 Seputembala, anthu makumi asanu ndi limodzi mphambu atatu anakwera phiri lina la m'malire a Kambodiya ndi Thailandi atasenza madengu a mpunga. Makumi anayi anachokera kummwera, kwa Akhmer, anthu a ku Kambodiya. Otsalawo anachokera kumpoto, kwa Athai. Pamwamba pa phirilo panali kachisi wakale wa miyala, ndipo chaka chimenecho pabwalo pake panali patadutsa waya waminga, chifukwa maboma awiriwo ankakanganirana kachisiyo.

Pakati pa a kummwera panali munthu wina, mlimi wa mpunga, amene ntchito yake pa tsikuli inali kuitana mayina a akufa. Anthu a kumeneko amakhulupirira kuti kamodzi pa chaka akufa amaloledwa kudzadya kwa abale awo, ndipo amene dzina lake silinaitanidwe amabwerera ndi njala kufikira chaka china. Mlimiyo analibe buku. Mayina onse anawaloweza kuchokera kwa bambo ake, pamodzi ndi lamulo limodzi: dzina la munthu silitchulidwa lokha, limatsatidwa ndi la mayi amene anamubereka.

Mkulu wa asilikali a kummwera anamuimitsa pa makwerero, namupatsa pepala.

"Amalume, chilolezo ichi n'cha ola limodzi. Muitane akufa athu okha. Aja a tsidya ali ndi boma lawo, liwadyetse."

"Kodi boma layamba kudyetsa akufa, mwana wanga? Amoyowa lathana nawo?"

Asilikali ena anaseka, koma mkulu wawoyo sanaseke. "Mukatchula Mthai ngakhale mmodzi, phiri lino simudzalipondanso."

Kuseri kwa waya, mkulu wa asilikali a kumpoto anali atalamulanso anthu ake kuti asayankhe kanthu mayina akamaitanidwa, ati mwambo weniweni ndi wa Athai, enawo anangotengera.

Mlimiyo anagwada pakhomo la kachisi ndi mtima wofuna kumvera. Phulusa la mtembo wa mkazi wake linali mumphika patsinde pa khoma la kachisiyo, ndipo kuletsedwa phirilo kunali kusiyana naye kachiwiri.

Anayamba. "Saroeun, mwana wa..." Anaima. Mayi a Saroeun anali Thongdi, wobadwira kumpoto. Analidumpha dzinalo, naitana lachiwiri. "Chhoeun, mwana wa..." Mayi akenso anabwera ndi ukwati kuchokera kumpoto. Wachitatu anabadwira kummwera, nafera kumpoto, malire asanalembedwe n'komwe. Anthu anadikira, timibulu ta mpunga tili m'manja.

Pamenepo mlimiyo anaimirira. Anadutsa pamaso pa mkulu wa asilikali, nakaima pa waya penipeni, nayambiranso ndi mawu okweza.

"Saroeun, mwana wa Thongdi."

Kenaka mayi wina wa kumpoto anayankha m'chinenero chake kuti, "Adye," naponya kambulu ka mpunga pamwamba pa waya. A kummwera anayankha m'chinenero chawo, naponyanso wawo. Asilikali a mbali zonse anagwira mfuti, koma panalibe anadziwa chochita ndi anthu oponyerana mpunga. Ola linatha, mlimiyo sanaleke. Anaitana mayina mazana atatu ndi khumi, ndipo pamene ankatchula lotsiriza, la mkazi wake, mawu anali atasasa.

Mkulu wa asilikali a kummwera uja anamulanda chilolezo chija, naching'amba.

"Ndinakuchenjezanitu, amalume."

"Unandichenjeza, mwana wanga, ndipo ndinamva. Koma chaka chino palibe wabwerera ndi njala."

Ananyamula dengu lake lopanda kanthu, natsika. Sanaloledwenso kukwera.

Inu amene mukumva fanizoli, taganizirani chimene munthuyu analakwa. Sanasunthe malire ngakhale phazi limodzi. Sananene kuti kachisiyo ndi wa Akhmer, sananenenso kuti ndi wa Athai. Anangokana kulekanitsa mwana ndi mayi ake. Komabe chilango chinagwera iye, pamene olamula kuti wayayo amangidwe sanakwerepo phirilo, ndipo sadziwa dzina la wakufa ngakhale mmodzi wa pamenepo. Chimenechi si chilungamo, ndipo kukhala chete n'kuchivomereza. Akadzakuuzani kuti musankhe pakati pa agogo anu, musadzasankhe.

Ndipo kwa inu nduna ndi akuluakulu a asilikali a mbali zonse ziwiri: kanganani za mapu anu m'mabwalo a milandu zaka zonse zimene mufuna, pakuti imeneyo ndi ntchito yanu. Koma chotsani waya pabwalo la kachisi mwambo wa chaka chino usanafike, ndipo mumulole munthuyu akwere phiri.