Mano Otengera kwa Bambo

Panali mayi wina amene anali ndi mng'ono wake, onse a bere limodzi. Mkuluyo ankatsuka mano m'mawa ndi madzulo, osaphonya. Komabe mano ake ankabooka, nkhama zikutuluka magazi. Mng'onoyo ankangokhalira kutafuna nzimbe, mswachi n'kumaukumbukira mwa apo ndi apo, koma akaseka mano ankachita kuyera mbee.

Mano atayamba kugwedera, mkuluyo anasiya kuseka pagulu. Anthu ena anamunong'oneza kuti, "Izi si zachabe ayi. Mng'ono wanuyo ndiye akukulodzani." Iye anakhulupirira. Anasiya kuponda pakhomo pa mng'ono wake, naletsanso mwana wake wamkazi kukadya kumeneko.

Tsiku lina masana ali kumunda, dzino linamuwawa kwambiri. Anakagona pamthunzi, tulo n'kumutenga. Analota ali kudambo, nkhungu itakuta ponseponse. Mu nkhungumo munatuluka bambo ake, amene anamwalira iye ali wamng'ono. Pambuyo pawo pankabwera azakhali, kenako anthu ena osawadziwa, koma onse a mphuno ngati yake. Ankayenda pang'onopang'ono pa udzu wonyowa, mapazi osamveka. Atamuona anaseka mokondwa, ndipo m'kamwa mwawo munali magweru okhaokha, mano atatha.

Bambo akewo anati, "Mwana wanga, mphuno yakoyo ndinakupatsa ndine. Manowonso ndine. Mng'ono wako anatengera mano a mayi ako. Nanga iye walakwanji?"

Anadzidzimuka dzino likuwawabe. Khasu analisiya pomwepo, nalunjika kwa mng'ono wake. Atafika anakhala pansi pakhomo nati, "Ndinakuganizira zoipa, mng'ono wanga. Undikhululukire."

Mng'onoyo anagwetsa misozi. "Achemwali, ine ndinkangodzifunsa kuti ndinakulakwirani chiyani."

M'mawa mwake anatengana awiriwo kukaonetsa mwana uja kwa dokotala wa mano, dzino lake lililonse lisanayambe kuwawa.

Inu amene mukundimvera, ngakhale m'nyumba imodzi sitibadwa ndi matupi ofanana. Ngati munatengera mano osachedwa kubooka, musatayire nthawi kufunafuna amene wakulodzani. Asamaleni kuposa mmene anzanu amachitira, ndipo ana anu muzikawaonetsa msanga. Ngati munatengera olimba, nawonso mukawanyalanyaza amawola. Ndipo mukaona mnzanu akuseka atatseka pakamwa ndi dzanja, musamuweruze. Mano anu okongolawo simunasankhe ndinu.