Chiponde Chobisa Mwini

Bernadetta wa ku Nguludi anayamba bizinesi ndi mtondo ndi munsi, koma m'kupita kwa nthawi anagula kamakina kogayira mtedza, ndipo chiponde chake chinatchuka mpaka ku Mpama. Ankachithira m'mabotolo opanda chizindikiro n'kumagulitsira pakhomo. Anthu ankangoti "cha aBena".

Atabwerako ku maphunziro a amayi abizinesi ku Limbe, anasindikiza mapepala onyezimira omata pamabotolo. Panali dzina lachingerezi ndi chithunzi cha dzuwa, koma dzina lake ayi. Kenaka anakapempha malo m'sitolo ya a Lackson pasiteji ya minibasi.

"Shelefu ndikupatsani mwezi umodzi, mayi," anatero a Lackson. "Chikapanda kuyenda, alipo ena akuifuna."

"Chiyenda, achimwene. Koma musauze munthu kuti n'changa. Anthu amaderera chapakhomo. Aziyesa chachokera m'tauni."

"Mayi, katundu amayenda ndi nkhope ya mwini wake."

"Inu mungogulitsa basi."

Pofuna kuti anthu alowere kusitolo, Bernadetta analeka kugulitsa pakhomo. Aliyense wobwera ankamuuza kuti makina afa.

Masabata anapita, mabotolo ali chiimire ngati ana opatsidwa chilango. Bernadetta mutu unaima. Analawa chiponde chija, n'kupeza kuti n'chomwe chija. Anachepetsa mchere, osayenda. Anawonjezera shuga, osayendabe. Anayamba kuganizira a Lackson kuti akuchibisa, koma atakaima tsidya la msewu anaona yekha amayi owadziwa akunyamula botolo, kulitembenuza, kutsonya, n'kulibwezera. Kodi wina wamuchita chipongwe? Nanga ndani, poti palibe ankadziwa kuti n'chake?

Mwezi utatha, a Lackson anamulongedzera mabotolo onse m'katoni. Bernadetta ali m'njira, katoni ili pamutu, anakumana ndi Phyllis, mtsogoleri wa amayi a mumphakati mwawo, amene anasuzumira m'katonimo Bernadetta atatula.

"Ee, achemwali! Mwachichotsa chiponde cha mbavazi? Mwachita bwino!"

"Mbava ziti?"

"Za ku Limbezo, zofuna kukulandani msika makina anu atangofa. Ife tinapangana kumphakati kuti wogula chimenechi ndi Yudasi. Ana anga akhala akudya buledi wouma mwezi wonse chifukwa cha inu."

Bernadetta anakhala pansi pakanjirapo.

"Phyllis, chipondechi n'changa."

"Chanu bwanji? Si munati makina afa?"

"Sanafe."

Phyllis anatenga botolo, kulizunguliza uku ndi uku. "Nanga dzina lanu lili pati? Ndiye kuti takhala tikukukanani inu pofuna kukuthandizani inu nomwe? Mayi wanga ine, mutu wandizungulira!"

Bernadetta anamusiyira katoni ija n'kuthamangira kusitolo, chitenje chili m'manja. Anapeza a Lackson akundandalika mabotolo ena pashelefu paja. Anali a chiponde cha mayi wina wa ku Milepa, dzina lake Shamima, ndipo dzinalo linalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu zowerengeka munthu ali pakhomo.

"Mwachedwa, mayi," anatero a Lackson osacheuka. "Uyu wabwera yekha m'mawa, walawitsa siteji yonse, mpaka makondakitala."

Bernadetta anaima pakhonde kusowa womukwiyira. Anthu ake sanamutaye, anadzibisa yekha kwa iwo. Akuluakulu sanalakwe ponena kuti pagule, fumbi ndiwe mwini.