Zitini za Hilario

Kwa Tengani mapira akayamba kukhwima, ntchito ya khasu imatha, imatsala ya pakhosi. Kusanayere bwino amayi amakhala ali kale pansanja pakati pa munda, chingwe cha zitini m'manja, zibuma pambali, kulimbana ndi mpheta mpaka dzuwa kulowa. Mai Otilia adaigwira ntchito imeneyi zaka makumi atatu. Amuna awo adatisiya kalekale, ndipo munda umodzi womwewo ndiwo unkadyetsa pakhomo chaka chonse. Chimanga kuchigwa kuno nchoyesera mwayi chabe; chakudya ndi mapira.

Mwana wawo wachisamba, Hilario, ankaphunzira uinjiniya ku yunivesite ku Blantyre, ndipo anali m'chaka chomaliza. Mutu anali nawo, tisamunamizire. Vuto lake linali makutu. Chaka chimenecho wophunzira aliyense ankayenera kupanga makina akeake ogwira ntchito popanda munthu, n'kukawayesa, n'kulemba zomwe waona. Pa tchuthi cha Pasaka cha 1985 Hilario adatsika sitima atasenza katoni. M'katonimo munali batire ya galimoto, kamota kamene kamayendetsa waipa yopukuta galasi la galimoto, mawaya, ndi kabokosi kowerenga nthawi komwe adalumikiza yekha.

Masiku awiri adakhalira kukhoma ndi kumanga pansi pa nsanja ya amayi ake. Tsiku lachitatu makina adayamba. Pakatha mphindi ziwiri zilizonse kabokosi kankati thi, kamota n'kukoka chingwe, zitini za munda wonse n'kuti ngwere ngwere ngwere. Mpheta zidabalalika ngati zaona kabawi. Anthu adasiya minda yawo kudzaonerera, ena mpaka kuvula zipewa.

Mai Otilia adanyadira, nanga ndani sakadanyadira? Komabe adaima nthawi yaitali akumvetsera, kenaka adati, "Mwanangu, chinthuchi chikulira nthawi imodzimodzi. Ine sindikoka chingwe chifukwa nthawi yakwana ayi. Ndimayamba ndaona kaye kumene..."

"Amayi," adawadula Hilario akuseka, "zimenezi ndakhalira zaka zinayi. Inu pumulani."

Mawa lake kudabwera uthenga wochokera ku Nsanje wakuti Agnesi, mlongo wake wa Hilario, wabereka mwana wamwamuna koma movutikira, ndipo akufuna mayi ake. Mai Otilia adamanga kathumba, khadi la chipani n'kulipisa pakona ya nsalu, nati akapemphe mng'ono wawo Priska kuti azikhala pansanja mpaka iwo atabwerako.

Apa ndiye Hilario adakanitsitsa. "Pansanja pakakhala munthu, ine ndikalemba chiyani? Aphunzitsi akati mbalame zimathawa mayi aang'ono, osati makina. Mundawu ukhale wopanda munthu sabata imodzi yokha basi."

"Sabata imodzi ya mapira okhwima ndi chaka chathunthu, Hilario."

"Kodi mukundikayikira?"

Funso limeneli lidawafoola. Mwana adamutumiza kusukulu okha, mudzi wonse ukumutchula kuti injiniya. Akadamuchititsa bwanji manyazi pamaso pa anthu? Adakwera sitima mtima uli m'mundamo.

Hilario adakhazika tebulo pansi pa mtondo pakhomo, kope ndi wotchi patsogolo. Zitini zinkamveka bwinobwino kuchokera kumunda. Zikalira, iye ankayang'ana wotchi n'kulemba, ndipo sizidaphonyepo ngakhale kamodzi. Kumundako ankapita tsiku lililonse kukaona batire, koma ankapita masana dzuwa lili paliwombo. Nthawi imeneyo kuchigwa ngakhale mbuzi imafuna mthunzi, ndipo mpheta zimakhala zitabisala m'mitengo ya minga. Aliyense amene adalonderapo mapira amadziwa kuti zimadya m'mamawa ndi chakumadzulo. Iye ankapeza munda uli zii, n'kulemba m'kope kuti mbalame palibe.

Tsiku lachitatu Mai Priska adafika pamtondo paja akuchokera kumunda kwawo, mawu atasasa.

"A injiniya, mapira a achemwali akutha."

"Ndinali komweko masana, mayi aang'ono. Mulibe mbalame ndi imodzi yomwe."

"Masana? Iwe, unabadwira kuno kapena unachita kugwa kumwamba? Ndilole ndikakhale pansanja mawa."

Hilario adawatsegulira kope, nawaonetsa mizere ya manambala. Mai Priska sankadziwa kuwerenga, ndipo iye ankadziwa zimenezo. Adangoyang'ana pepalalo, n'kumuyang'ana mnyamatayo, n'kubwerera kwawo. Zidawawawa kwambiri.

Mai Priska adapirira masiku awiri. Tsiku lachisanu m'bandakucha adamugogodera, ndipo sadamupemphe. Adamugwira padzanja ngati mwana wothawa sukulu mpaka kumunda.

Munda wonse unali bii ndi mpheta. Kabokosi kadati thi, zitini n'kulira monga mwa masiku onse. Mbalame za pafupi zidangodumpha pang'ono n'kuteranso pangala zomwezo. Za kutali sizidadzutse n'komwe mitu. Zina zinali zitandanda pachingwe chenichenicho, chikakokedwa n'kumagwedezeka nacho limodzi. Zinali zitaphunzira kuti phokosolo limabwera nthawi yake, limatha nthawi yake, ndipo pambuyo pake sipabwera chibuma. Komanso popeza minda yoyandikana nayo inali ndi anthu okuwa, mpheta za dera lonse zidasamukira kwa Mai Otilia.

Hilario adathamangira m'mapiramo akukuwa ndi kugenda. Masiku atatu otsatira adakhala pansanja yekha, makina atawazimitsa, mpaka mawu adamuthera. Koma ankalondera mapesi.

Mai Otilia adabwerako tsiku lachisanu ndi chitatu. Sadalowe m'nyumba, adatula kathumba pakhonde n'kulunjika kumunda. Ankayenda mzere ndi mzere, kugwira ngala iliyonse n'kuifikisa m'manja. Munkatsala mankhusu okhaokha. Hilario ankawatsata pambuyo, akudikira kuti amukalipire, ndipo bwenzi zitamupepukira akadatero. Atafika pansanja adaima n'kuyang'ana kamota kaja.

"Mkono unachipatsa wabwino," adatero motsitsa. "Koma maso unachimana. Tsiku lija ndimafuna ndikuuze zomwezo."

"Pepani, amayi."

"Ndamva. Tenga dengu, titole zomwe zatisiyira."

Munda umene unkadzaza nkhokwe udatulutsa madengu anayi.

Atabwerera ku Blantyre, Hilario adalemba zoona zokhazokha, ndipo pamenepo tiyenera kumuyamikira. Mphunzitsi wake atawerenga adamufunsa funso limodzi: kodi asanamange makinawo, adakhalapo pansanja ndi mlonda wa mbalame ngakhale m'mawa umodzi, kuona chimene chimamuuza kuti akoke chingwe? Hilario adati ayi. Mphunzitsiyo adati makina ogwira ntchito ya munthu amayambira pa kumuonerera munthuyo, nam'bwezera kuti akakonzenso. Adakonzadi, ndipo digiri adaipeza.

Koma digiri siidyedwa. Pofika Okutobala madengu anayi aja anali atatha. Kalata ya Agnesi idamupeza Hilario ku Blantyre, yonena kuti amayi ayamba kulawirira ku madambo a Shire pamodzi ndi amayi ena osowa, kukazula nyika, timizu ta m'madzi timene anthu amadya njala ikafika posauzana. Ankalowa m'madzi ofika m'khosi, momwe ng'ona zimatenga anthu chaka ndi chaka, mayi wa zaka makumi asanu ndi mphambu zisanu amene munda wake udabereka bwino kuposa minda yonse ya m'mudzimo. Hilario adaiwerenga kalatayo kawiri, n'kukhala pansi, n'kulira.

Pakhomopo panali anthu awiri odziwa mpheta, ndipo onse awiri adayesa kumuuza, koma iye woyamba adamudula pakamwa, wachiwiri n'kumutseka pakamwa ndi kope. Akuluakulu sadaname pamene adati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.