Mtsikana Amene Anamuchotsa Kutsogolo

Panali mphunzitsi wina wa Sitandade 2 amene kalasi yake inkadzaza mpaka pakhomo. Sanali munthu woipa. Anali wotopa.

Kutsogolo, pafupi ndi mapazi ake, pankakhala mtsikana dzina lake Ndaziona. Malungo aakulu anamuwononga makutu ali wamng'ono, moti mawu ankawamva ngati ochokera kutsidya la mtsinje. Ankaphunzira poyang'ana milomo ya mphunzitsi. Ankachedwa, koma ankaphunzira. Mphunzitsiyo sankadziwa za makutuwo. Ankangoona mwana woyankha anzake atayankha kale.

Chaka chimenecho bungwe lina linabweretsa matabuleti pasukulupo. Linati makinawa amapatsa mwana aliyense phunziro lomuyenera: wachangu amamupititsa patsogolo, wochedwa amamubwerezera mpaka agwire. Silinaname. Ana ambiri amene ankangokhala duu anayamba kuwerenga.

Mphunzitsi anaona kuti wapeza pomutula katundu. Ana ochangamuka anawasiya kutsogolo. Ochedwa anawatumiza kumbuyo, aliyense ndi tabuleti ndi mahedifoni.

"Nawenso dzuka," anatero kwa Ndaziona. "Makina ndi oleza mtima kuposa ine."

Mwanayo anagwira mwendo wa tebulo. Mphunzitsi anamumasula zala, namuperekeza kumbuyo.

Kumeneko makina ankamuuza chilembo choti agwire, koma iye ankangomva kulira ngati kwa njuchi. Ankadina paliponse. Akalakwa, makina ankamupatsa phunziro losavuta. Akalakwanso, losavuta kuposa pamenepo. Pofika nthawi yokolola anali atabwerera posiyanitsa mbuzi ndi nkhuku, zimene ankadziwa asanayambe sukulu. Akadzutsa mutu, mphunzitsi anali patali, atayang'ana bolodi.

M'makina omwewo munali njira yophunzitsira ndi maso, yosadalira khutu. Inkangofuna munthu woti aisankhe.

Chaka chitatha mayi ake anabwera kusukulu.

"Aphunzitsi, mwanayu ankalemba dzina lake. Walekeranji?"

"Mayi, makina akuonetsa kuti mutu wake ndi wouma."

"Si mutu, aphunzitsi. Ndi makutu. Ndinanena ku ofesi tsiku lomulembetsa. Inuyo chaka chonsechi munayamba mwakhala naye pansi?"

Mayiyo anagwira mwana wake padzanja, natuluka. Ndaziona sanabwererenso. Lero ali m'tauni, akulera ana a eni, ndipo m'mawa uliwonse amawaperekeza mpaka pageti la sukulu.

Inu amene mukupita kukaphunzitsa, makinawa mukawapeza ndipo mukawagwiritse ntchito, pakuti ndi abwino. Koma makina amangodziwa kuti mwana walakwa. Chimene chamulakwitsa sachidziwa, ndipo sadzuka kukafunsa kwa mayi ake. Musanamupatse mwana tabuleti, yambani mwamudziwa. Mukapanda kutero, mudzamutaya ali m'kalasi mwanu momwemo, dzina lake mukuliitana tsiku ndi tsiku.