Mnyamata wa ku Ghana

Mayi Nankhoma atasankhidwa kupita ku Ghana pa ulendo wosinthana aphunzitsi a sekondale, ahedi awo, a Chimbalanga, anasowa tulo. Kutacha anawaitanitsa ku ofesi.

"Mayi, ndege si minibasi. Mukauze akuluakulu kuti mukudwala, ndipite ine. Mukakana, ndikusamutsirani kusukulu ya kuseri kwa phiri."

Mayi Nankhoma anawomba m'manja. "Mwandipulumutsa, bwana! Pajatu wopitayo amasiyira nyumba yake mlendo wochokera uko. Kanyumba kanga kodontha kaja, ndikanamugoneka pati mnyamata wamtali chonchija?"

"Mnyamata?"

"Wosakwatira. Amaphunzitsa masewera olimbitsa thupi, ndiye m'mawa amathamanga chifuwa chili pamtunda. Koma musadandaule, mayi akunyumba kwanu adzamusamala teremu yonse."

Madzulo a Chimbalanga anawayesa akazi awo. "Nditati ndapita ku Ghana, mungakhale ndi mlendo muno?"

"Pitani bwino, bambo," anayankha akaziwo msangamsanga. "Nanga makatani atsopano ndisoke amtundu wanji?"

M'mawa mwake ahedi anawadikirira Mayi Nankhoma pageti. "Mayi, ndaganiza mofatsa. Sukulu singakhale yopanda mutu. Pitani ndinu."

Mayi Nankhoma atauluka, a Chimbalanga anapita kudepoti kukachingamira mlendoyo, atalamula akazi awo kuti asatuluke m'nyumba. Anasuzumira m'basi kufunafuna chimnyamata chija, koma munatsala mayi mmodzi wa imvi zokhazokha, ndodo ili m'manja.

"Ndinu ahedi? Ndine mphunzitsi wa masamu uja wa ku Ghana. Mwana wanga, tandinyamulireni chikwamachi."