Bwana wa Kumpando Wakumbuyo

Sichali, dalaivala wa ku Mzuzu, anapempha tchuthi kuti akakwatitse mwana wake ku Chitipa. Bwana wake, mzungu wotchedwa Haroldi, anakana.

"Loweruka ukandionetsa kumpoto kwenikweni. Ukwati si maliro."

Nzeru za anthu ophunzira zimenezo!

"Chabwino, bwana," anatero Sichali. "Ndikudziwa mudzi umene mzungu sanapondeko."

Anadutsa Karonga, nakwera mapiri mpaka pamudzi pomwe ng'oma zinali kulira. Haroldi anakondwa ngati mudziwo wautola yekha. Anajambula aliyense, ndi nkhuku zomwe, osadabwa kuti bwanji mkwatibwi akugwadira dalaivala wake.

Kenaka nkhalamba ina, imene Sichali anali atainong'oneza, inabwera ndi chipanda cha mowa.

"Sindingamwe, bwana, ndili pantchito," anadandaula Sichali. "Kungoti kuno kukana chipanda n'kutukwana mudzi wonse."

"Imwa! Lemekeza chikhalidwe chako!" analamula Haroldi, kamera ili m'manja.

Sichali, munthu womvera, anagugudiza. Anamveranso kachiwiri, navina mpaka ukwati unatha.

Dzuwa litapendeka, Haroldi anafuna kukagona ku Karonga. Sichali anamupatsa makiyi ndi manja awiri.

"Lamulo lanu lija, bwana: wakumwa asagwire chiwongolero."

Haroldi anayendetsa yekha, akutukwana maenje. Atafika pamene apolisi amaimitsa magalimoto, wapolisi anasuzumira naona Sichali atatsamira kumbuyo, jekete yaukwati ili pathupi, duwa pachifuwa.

"Mwaswera bwanji, bwana?" anatero mwaulemu. Kenaka anatembenukira kwa Haroldi. "Iwe dalaivala, layisensi!"